Mabelo a ku Makeni

Chelstone, Lusaka

Msuweni wanga Kampamba,

Tili bwino, ngakhale sunafunse. Zaka zonsezi uli chete kunjako, lero wakumbuka kulemba, funso lako n'kukhala la udzu! Digiri yanga yonseyi ndasanduka wowerenga mabelo a sayileji, udzu wosungira ng'ombe uja?

Chabwino. Ku famu ya malemu amalume ku Makeni tadula msanga, udzu usanatulutse njere, monga ankachitira atate akowo. Tikuyembekeza mabelo asanu ndi limodzi pa ekala. Tikanadikira akanafika khumi, koma ukukumbuka mawu awo aja: udzu wanthete ndi mkaka, wokhwima ndi matiresi. Fungo lake landikumbutsa masiku amene tinkakwera pamabelo, iwe n'kung'amba pulasitiki, chikwapu n'kulandira ine.

Usadandaule, mabelowo akwanira, poti ng'ombe zatsala zitatu. Akulu ako ba Mulubwa masiku ano amabwera Loweruka ndi alendo a nsapato zonyezimira, n'kumayeza malo ndi kukhoma zikhomo mpaka kudambo. Amayi ako amawaphikira tiyi, akuti ndi alangizi a zaulimi. Ine sindinawatsutse.

Udzu tidulanso mu Febuluwale. Ukafuna kudziwa mabelo a ulendo wachiwiriwo, ubwere udzawerenge wekha, maekala akadali athu.

Ndine msuweni wako wosafunsidwa moyo,
Virginia