Tsiku Lomwe Ndinabisa Chikuku

Lolemba, 7 Okutobala

Uthenga wabwera pa foni. Madokotala a boma abwera kuno kunyumba Lachinayi kudzawayezanso amuna anga, bambo a Moldir. Ndizingolemba BM, cholembera chikutha. Chiwagwetsereni sitiroko m'lole ya tirigu ali m'gulu loyamba la olumala, la anthu osatha kudzithandiza okha. Ulendo watha anawayezera kuchipatala ali chigonere. Pakhomo pano n'koyamba.

Alendo atatu! Makapu awiri ndi obenthuka. Makatani ada ndi utsi wa malasha. BM akuti, "Nduna ya Nkhawa yatsegula ofesi." Aseke. Odzanenedwa m'mudzi monse kuti analandirira madokotala m'khola ndine.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndakazinga mabaursaki, timandasi ta kwathu kuno, beseni lodzaza. Nyama ya kavalo yomwe tinasungira Chaka Chatsopano ndaitulutsa. Chikuku ndakachibisa m'chisakasa cha malasha, pamodzi ndi mpando wachidebe uja ndi matewera. Mlendo angamwe tiyi akuyang'ana zimenezo? Pabedi ndayala zofunda za paukwati wathu.

BM tsiku lonse akuyeserera kuimirira atagwira tebulo. Akuti mwini nyumba salonjera alendo ali chikhalire ngati thumba la mbatata. Akumafika pa sikisi powerenga asanagwe. Kawiri agwera pa ine. Taseka mpaka mphaka kuthawa.

Lachinayi, 10 Okutobala

Zayenda bwino! Mtima unangondivutitsa chabe.

Ndinawameta, ndinawaveka jekete ya kumaukwati, n'kuwakhazika kumutu kwa tebulo. Mapilo atatu kumsana, dzanja lakufalo pansi pa nsalu. Alendo atalowa anaimirira. Ine kuwerenga mumtima. Pa faifi anali atapereka moni kwa onse atatu, pa sikisi anakhala pansi ngati bwana.

Dokotala wamkulu, mayi wamagalasi, anati zawatsalira nyumba zisanu ndi ziwiri, sakhalitsa. Koma ndani amatuluka m'nyumba osalawa buledi? Anadya. Mafunso anafunsira patebulo pomwepo.

"Thupi lili bwanji, bambo?"

"Tithokoze Mulungu, ndili ngati kavalo."

"Amakusambitsani ndani?"

"Ndine khanda ine? Ndekha."

"Nanga kuchimbudzi?"

BM anayang'ana mtsikana yemwe ankalemba mayankho, wamsinkhu wa mwana wathu Moldir. "Ndekha," anatero. "Tengani nyama, yazizira."

Dzanja analiona, anawagogoda bondo, analemba. Ine anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndingatsutse mwamuna wanga pamaso pa alendo? Ndinangowathirira tiyi. Mtsikana uja wandifunsa kuti mu ufa ndimathiramo chiyani.

Lachitatu, 16 Okutobala

Zotsatira zabwera. Gulu lachiwiri. BM akondwa ngati mwana wokhoza mayeso. "Wamva, mayi? Boma likuti ndachira!" Ndalama yawo itsika pang'ono, basi tichepetsa shuga.

Lachisanu, 18 Okutobala

Galimoto yonyamula olumala sinabwere. Imawatenga Lachiwiri ndi Lachisanu kupita ku mafizo kutauni. Tadikira pageti ola lathunthu, mphepo ikudula makutu. Ndinaimbira dalaivala. Akuti, "Pepani mlamu, dzina lawo lachoka pa pepala langa. Ine ndimanyamula a gulu loyamba." Basi ya wamba ili ndi masitepe atatu. BM akuti, "Kavalo sakwera basi." Lero sindinaseke.

Loweruka, 19 Okutobala

Ndapita kwa a Raushan, aneba athu. Anagwira ntchito kupositi zaka makumi atatu, za mapepala amazidziwa ngati zala zawo. Atawerenga uthengawo anavula magalasi.

"Nurgaisha, unachita chiyani iwe?"

Akuti gulu loyamba lija ndiye mzati, zina zonse zinatsamira pomwepo. Ndalama yomwe ndimalandira ine ngati wosamalira wodwala yatha, imaperekedwa kwa wosamalira wa gulu loyamba yekha. Zaka zomwe amandiwerengera za penshoni zaima. Galimoto ndaona kale. Ngakhale thandizo la mabanja ovutika lija, akuti andifunsa kuti mayi wamanja awiri, wopanda wodwala womusamalira, bwanji sukugwira ntchito?

"Wopanda wodwala? Nanga uja wagona kwathu ndi ndani?"

"Papepala ndi kavalo. Chikuku chinali kuti?"

"Ku malasha."

"Chidebe?"

"Konko."

Anaseka mpaka dzino lawo lagolide kuonekera lonse. "Mwana wa amayi, anthu aja sanabwere kudzafunsira mbeta!" Nanenso ndinaseka, kenaka ndinalira, kenaka tinamwa tiyi.

Lolemba, 21 Okutobala

Ndapsereza mkaka kawiri.

Lachitatu, 23 Okutobala

Kuofesi ya zantchito andipezera malo kufakitale ya nkhuku. Kuyamba pa 11 Novembala. Basi imanyamuka 6 koloko m'mawa, kubwera 7 madzulo. Ndikakana, thandizo la banja liima.

Tsiku lonse BM okha! Moto wa mbaula ukazima? Ukapanda kuzima, n'kugwira kapeti? Akatsamwa? Akagwera pakati pa bedi ndi khoma ngati chaka chatha? Moldir waimba kuti asiya sukulu ya unamwino abwere. Ndamuuza kuti akayerekeza ndimutsekera kunja.

BM akuti, "Ndizikhala ndi mphaka."

"Mphaka azikutembenuzani?"

Apempha kuti ndizimitse wailesi.

Lachisanu, 25 Okutobala

A Raushan alemba kalata ya apilo, ine ndasaina. Akuti tikadachedwa kupitirira mwezi bwenzi chitseko chitatsekeka. Malamulo awo ndi awa: osawameta, jekete ayi, chikuku chipite mmene chilili ndi tayala lake lolira. "Ndipo ndikaona baursaki ngakhale imodzi, ndikuponyera m'chitsime."

Akationera kumzinda wa Karaganda. Tsiku atiuza.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Tsiku lija atiuza, ndi pa 6 Novembala. Masiku asanu okha nkhuku zisanayambe. Bwanji kukagwa chipale chofewa msewu n'kutsekeka? Bwanji dokotala akakhala mchimwene wa wamagalasi uja?

Lamlungu, 3 Novembala

Lero kunali sukulu m'nyumba muno. A Raushan anavala epuloni yoyera, atanyamula chipande, akuti ndi dokotala.

"Thupi lili bwanji, bambo?"

"Tithokoze Mul—"

Chipande pa tebulo, pha! "Tibwereze. Amakusambitsani ndani?"

BM anayang'ana pazenera. "Chaka chino kwazizira msanga."

Pha!

Kasanu konse. Ine ndinali nditagwira m'mimba ndi kuseka. Kenaka BM anakwiya zenizeni. Akuti bambo awo anathyoka nthiti zitatu atapondedwa ndi ngamila, atafunsidwa anati udzudzu wawaluma. "Ndiye ine ndikadandaule kwa anthu osawadziwa, ngati wopemphetsa wa pamsika?"

A Raushan anavula epuloni ija pang'onopang'ono, maso ali pa BM. "Chabwino, Toleukhan. Nurgaisha akanyonyole nkhuku. Iwe ukagwa, ulemu wakowo udzakudzutsa."

Anapita osamaliza tiyi. Powadyetsa supu, BM anandiyang'ana m'manja nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti mwina zikhadabo zada.

Lachiwiri, 5 Novembala

Mpongozi wa a Raushan atitenga pa galimoto yake. Mapepala ndawaika m'chikwama, ndawatulutsa, ndawaikanso. Ndevu za BM zikundipweteka m'maso. Ndakazingako mabaursaki pang'ono, a panjira chabe.

Lachitatu, 6 Novembala

A Raushan anasecha chikwama changa pageti n'kulanda kathumba ka mabaursaki. Anadya okha njira yonse.

M'chipindamo munali madokotala atatu, wamkulu wake bambo wa imvi. Tayala linalira kuyambira pachitseko mpaka patebulo, ine manyazi mpaka kumapazi.

"Thupi lili bwanji, bambo?"

"Tithokoze Mulungu," anatero BM.

Ndinaziona nkhuku zija, mizere mizere.

Koma anapitiriza, maso ali pakhoma. "Tithokoze Mulungu kuti ndili ndi moyo. Zina zonse amachita ndi mayi awa. Ine ngakhale batani sindimanga. Tsiku lija ndinanama, munali alendo." Anandiloza ndi dzanja labwino lija. "Afunseni iwowa. Amalidziwa thupili kuposa mwini wake."

Ine? Sukulu ndinalekera sitandade 3 kukaweta nkhosa kwathu ku Bayan-Olgii, pamaso pa akuluakulu sindinayankhulepo. Koma pakamwa panatseguka pokha. Ndinanena zonse. Mmene ndimawanyamulira kuchoka pabedi, phewa langa m'khwapa mwawo. Kusamba. Chidebe. Matewera. Supuni. Za kugwa kwa chaka chatha. Za mapilo atatu ndi kuwerenga mpaka sikisi. Pamenepo dokotala wina anabisa nkhope kuseri kwa fayilo, mapewa akugwedezeka. Ndinanenanso za fakitale, ngakhale sanandifunse.

Anawayeza pafupifupi ola, jekete palibe, nsalu ya patebulo palibe. Anatiuza tidikire panja, kenaka anatiitananso. Wa imvi uja anati gulu loyamba libwerera. Pepala lituluka m'masiku khumi, ndipo ndalama ya wosamalira ndikalembetsenso mwatsopano. "Koma nkhuku zija, mayi, zipeze wina."

Pakhonde makutu a BM anali ofiira ngati tomato. "Za chidebe zija zinafunika kunena zonse?"

"Zonse."

"Ndi kangati patsiku komwe?"

A Raushan anawaika baursaki yomaliza m'kamwa kuti atonthole.

Kuofesi ya zantchito ndinaimba ndekha tili m'galimoto, palibe anandiuza. Kenaka ndinagona tulo mpaka m'mudzi, ine amene ndimayang'anira msewu m'malo mwa dalaivala.

Tafika, geti lili pululu. Ndinalisiya chotsegula m'mawa, ndipo tsiku lonse silinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi. Ng'ombe ya a Raushan inali pakhonde pathu, ikutafuna tsache langa latsopano.

BM anati, "Suithamangitsa?"

Ndinamanga mabuleki a chikuku, n'kukhala pa chitsa pambali pawo. "Imalize kaye."