Chotsani Mabatire mu Wailesi ya Amayi

Pòtoprens, Lachitatu

Achemwali anga a Odansya,

Muli bwanji kumeneko ku Baradè? Alamu anga ndi ana ali bwanji? Nanga bondo la Amayi lija likuwalolako kufika kutchalitchi? Ine kuno ndilipo, koma ndisakunamizeni kuti ndili bwino. Kalatayi ndapatsira Madan Jozafa, amene akubwera pa lole ya ogula khofi. Chonde musaiwerengere pakhonde. Pitani nayo kuseri, chifukwa chichitireni khungu, Amayi amamva ngakhale kapumidwe ka munthu kakasintha.

Mlongo wathu Dyesèl watisiya. Anamuwombera Lolemba pamsewu wa Dèlma. Ndayesa kufuna mawu ofewa, sindinawapeze.

Tsikulo otsutsa boma anali ndi zionetsero. M'mawa akumwa khofi pa benchi langa logulitsirapo khofi ndinamuchonderera kuti asatulutse tap-tap yake, galimoto yonyamula anthu ija. Anandiseka kuti ndakalamba msanga, ndayamba kulankhula ngati Amayi. Anati ochita zionetsero nawonso miyendo imawapweteka, madzulo afuna galimoto yowabwezera kwawo. Mukumudziwa Dyesèl, ndale analibe nazo ntchito. Ankati chipani chake ndi mpunga wa nyemba. Anandibera buledi wopaka chiponde, n'kuthawa akutafuna.

Zomwe zinachitika anandiuza ndi mayi wogulitsa malalanje pamphambano, amene anaona ndi maso ake atabisala kunsi kwa tebulo. Mfuti zitayamba kulira anthu anabalalika. Mnyamata wina wa makaladi olemera akumtunda aja, amene anali nawo pa zionetserozo, anagwa chipolopolo chitamulowa pamimba. Anzake anathawa. Ena odutsa ankamudumpha, ena n'kumakuwa kuti musiyeni alaweko nayenso zomwe akuda timalawa. Dyesèl anaimika galimoto, n'kumunyamula kuti athamangire naye kuchipatala. Akuti ankamuuza kuti, “Limba mtima bwana, si patali ayi.” Chipolopolo china chinamupeza akadali naye m'manja. Anafera pomwepo onse awiri, wina pamwamba pa mnzake. Amene anawombera palibe anamuona.

Tsopano imvani za mawailesi, achemwali, kuti mudziwe dziko lomwe tikukhalamo. Wailesi ya anthu olemera ija, yomwe ili mbali ya otsutsa, ikuti chigawenga cha boma chinafuna kuba mwana wa banja labwino n'kumuponya m'galimoto. Dzina la mnyamatayo akulitchula tsiku lonse, sukulu zomwe anaphunzira, mpaka galu wake tamudziwa. Wathuyo akungoti chimunthu china chakuda cha m'makwalala. Ukatembenuzira ku wailesi ya boma, kumeneko akuti alonda a makaladi apha mwana wa amphawi amene ankateteza boma la anthu akuda, mbendera ili m'manja. Dyesèl ndi mbendera! Munthu woti pa tsiku la chisankho anapita kukaonera atambala akumenyana.

Dzulo kunabwera bambo wa boma wovala magalasi akuda, kudzakhala pa benchi lomwelo. Anati bokosi agula iwo, abweretsa oimba malipenga, malirowo adutsa nawo m'tauni monse. Ine ntchito yanga ndi kulira pa wailesi basi. “Mayi, inu mudzangolira, mawu tikupatsani ndife.” Ndinamufunsa ngati akulidziwa dzina la malemuyo. Anakanda kumutu. Ndinanyamula mphika wa khofi wowira, ndipo anathawa osadikira kuti ndimalize zonena.

Koma ine ndiye ndaononga zinthu ndekha. Mukudziwa mmene Amayi amakhalira masana aliwonse, wailesi pachifuwa, kumvera mauthenga a maliro kuti adziwe wokamupepesa. Amati munthu amene imfa yake sinalengezedwe wafa ngati galu. Wailesi imene imamveka bwino kwathuko ndi ya olemera yomweyo. Ndinaganiza kuti oulutsa nkhani ndi ena, oulutsa maliro ndi ena. Ndinavala diresi langa loyera, n'kupita kukapereka uthenga monga mwa mwambo: dzina lonse la Dyesèl, la Amayi, la mudzi, ndi la mlongo aliyense. Kufikira nthawi imeneyo iwo sankamudziwa n'komwe.

Mtsikana wapawindo atamva kuti ndi wa pa Dèlma uja, anakaitana bwana wake. Ndinamufotokozera zonse, ndipo ndinati mayi wa malalanje ali okonzeka kubwera kudzanena okha. Bamboyo ankangoyang'ana mapazi anga afumbi. Anati munthu aliyense wakunsi kuno akafa amasanduka mngelo m'kamwa mwa achemwali ake. Anati uthenga wa maliro a munthu wotere sangauwerenge, koma dzinalo akuthokoza, alitchula pa nkhani mnyamata uja akangoikidwa m'manda. Ndinalira, ndinagwada, ndinatukwana. Mlonda ananditulutsa pondigwira pamkono ngati wamisala. Dzinalo ndinawapatsa ndekha, achemwali, ndi pakamwa panga pomwe.

Amayi ake a mnyamatayo ndinakumana nawo kumochale. Ndi mayi woonda, wa tsitsi laimvi, maso otupa ngati anga omwewa. Zoona zake akuzidziwa, chifukwa anapita okha pamphambano paja kukafunsa. Anandigwira manja onse awiri, nati mlongo wanga ndi yekhayo amene sanamudumphe mwana wawo. Tinalira limodzi mpaka ogwira ntchito anaima kumationerera. Ndinawapempha kuti akanene mawu omwewo pa wailesi, poti mwini wailesiyo amadya nawo patebulo limodzi. Anandisiya manja pang'onopang'ono. Anati nthawi ino ndi yovuta, amuna awo sangalole, mwina zinthu zikadzakhazikika. Sindikuwada, koma mtima unandiwawa kuposa mmene unawawira pawindo paja.

Za kuno zina ndi zomwe mumazidziwa. Utsi wa matayala owotchedwa m'misewu watikhalitsa ndi chifuwa, madzi pampopi sakutuluka, ndipo khofi sindinagulitse chiyambire Lolemba. Anansi akundithandiza, akumandibweretsera nthochi zophika. Tap-tap ija idakali kupolisi, ati ndi umboni.

Pempho langa ndi limodzi. Mukangomaliza kuwerenga, chotsani mabatire mu wailesi ya Amayi. Musadikire mawa. Muwauze kuti atha. Ndikudziwa zomwe ayankhe, anena kuti palibe kanthu, Dyesèl atumiza ena monga amachitira, ndipo pamenepo mulimbe mtima musalire. Muuzenso a kwa Tonton Merilyen atsitse wailesi yawo, poti ija imamveka mpaka kumtsinje. Amayi asamve mwana wawo akutchedwa chigawenga kuchokera m'kabokosi komwe anawagulira yekha.

Kenako muitane alamu ndi azakhali, muwatenge Amayi pang'onopang'ono kupita pa mtengo wa kokonati uja pomwe anakwirira mchombo wa Dyesèl. Muwakhazike pansi, dzanja lawo ligwire mtengowo, ndipo muwauze inuyo. Ine ndibwera ndi thupi pa lole yotsatira. Palibe mbendera ya wina aliyense imene ikhale pa bokosi lake.

Akalira n'kutopa adzafunsa ngati zalengezedwa. Ndimawadziwa, adzafunsa ndithu. Musawanamize. Muimirire patsogolo pawo, muyeretse kukhosi, munene mokweza monga amanenera oulutsa aja, kuti ndi anansi omwe amve: Banja la Mayi Sentàn Lorisma a ku Baradè likudziwitsa abale ndi abwenzi kuti mwana wawo Dyesèl, woyendetsa tap-tap, wamwalira ku Pòtoprens. Anafa atanyamula munthu wovulala. Munene kawiri, poti pa wailesi amabwereza.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa azakhali, kwa amalume a ku phiri, ndi kwa ana nonse, makamaka kamtsikana kanu kamene Dyesèl anakalonjeza nsapato za ubatizo. Amayi musawapatse moni wanga lero, angazindikire. Mudzawapatse mukachoka pamtengo paja.

Mutipempherere panjira.

Ndine mng'ono wanu wosweka mtima,
Klèmeli