Foloko ija sindinaikonze ine

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja unasiya kuvuta? Ine kuno ndilipo, kungoti chifuwa chandigwira chifukwa cha fumbi la msewu umene akukonza kutsogolo kwa garaja yathu. Koma za chifuwa tizisiye. Ndakwiya, achemwali, ndipo ndakwiya kwabasi.

Uthenga wanu wothokoza ndaulandira. Mwati alamu akuuzani kuti njinga yawo yamoto ndinaikonza ine, ndipo ayambiranso kunyamulirapo ana popita kusukulu. Nditawerenga ndinachita kukhala pansi. Bodza lenileni limenelo! Njinga ija ine ndinaikana. Ana aja asakwerenso, ndiyo nkhani yonse ya kalata ino.

Imvani mmene zinayendera. Alamu atabwera kudzagula katundu wa m'golosale, anagwera m'ngalande pafupi ndi msika pozemba lole. Mulungu ndi wabwino, anangosupuka chigongono. Koma tayala lakutsogolo linamenya konkire, ndipo foloko, mapaipi awiri aja ogwira tayala, inapindika. Anafika pa garaja akukankha njinga, chiwongolero chaloza uku tayala uko, iwo akuseka ngati palibe chachitika.

Ndinasiya ntchito ya eni ake n'kumasula zonse. Ife paipi sitiiyeza ndi maso ayi. Timaigubuduza pa galasi: yowongoka imayenda myaa, yopindika imadumphadumpha. Yakumanja inali itapindika pang'ono chabe. Imeneyo ndinaiika pa makina opanikizira, pakati pa timatabwa, kupanikiza pang'ono, kugubuduza, kupanikizanso, mpaka inagona bwinobwino. Koma yakumanzere inali ndi khwinya, ukapititsapo chala chimachita kukodwa. Paipi ikachita khwinya yatha basi, njotaya. Ndinawapempha alamu kuti adikire masiku ochepa yatsopano ifike.

Aaa, ndinaputa mavu! Anati ndikufuna kudzionetsa kuti ndinaphunzira, chitsulo n'chitsulo, ngakhale khasu amaliwongola ndi moto. Ndinawayankha kuti khasu silithamanga pamsewu ndi ana awiri kumbuyo. Anangotsonya, n'kunyamula paipi yawo ulendo kwa munthu wowotcherera zitseko kuseri kwathu kuno. Ndinawatsatira. Ndinapeza mkulu uja waiwotcha ndi gasi mpaka kufiira psuu, akuisasantha ndi nyundo pa chidutswa cha njanji, alamu atagwira mbali inayo n'kumavomereza ndi mutu. Atatha anaikwecha ndi sandipepala kuti kuda kwa moto kuchoke, izing'anima. Ndinamufunsa ngati iyeyo angakwezepo mwana wake. Popanda ndi manyazi omwe, anati iye njinga alibe.

Ine ndinakana kuimanga. Alamu anaimanga okha pansi pa mtengo ndi masipanala obwereka, akundinena kwa aliyense wodutsa kuti mlamu wanji wouma mtima chonchi. M'mawa mwake ndinangomva kuti anyamuka, osatsanzika n'komwe. Ndiye lero azikuuzani kuti wakonza ndine? Dzina langa alipachike pa chitsulo chopsa? Izi zandiwawa kuposa zonse zimene anandinenera pansi pa mtengo paja, chifukwa akudziwa kuti mukamva dzina langa simufunsanso.

Achemwali, paipi ngati imeneyi ikalowa pamoto imafooka, kunja ikuoneka yabwinobwino. Sichenjeza ayi. Idzathyoka tsiku limene adzagwire mabuleki mwamphamvu pamtsetse, tayala n'kupindikira pansi pa injini, onse atatu n'kugwa chamutu. Ngati mukuona ngati ndikukokomeza, pitani mukaone nokha. Kwezani mphira wakuda uja wovala paipi yakumanzere. Mupeza mawanga a moto ndi zipsera za nyundo. Mupezanso oyilo akutsetserekera ku mabuleki, ndipo mmene ndimawadziwira alamu, amangapo kale kasanza kuti musaone.

Pempho langa ndi limodzi. Tengani makiyi muwabise. Paipi yatsopano ndaitanitsa kale, ndipo Loweruka la sabata yamawa ndibwera nayo ndekha pa basi, zida zili m'chikwama, ndidzaimange ndi manja angawa. Ndikudziwa kuti akalipa mpaka a nyumba yachitatu amve. Muwauze kuti walamula ndine, malume a anawo. Ukali wawo andisungire, ndidzaulandira pofika. Ndipo inu musafewe. Ndimakudziwani achemwali, munthu akangokweza mawu mumayamba kupepesa ngakhale wolakwa ali iyeyo. Pa ichi chokha musapepese.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma zimenezi musawauze, mtima wawo uja ungayambenso. Moni kwa azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana anu awiriwo. Alamu nawonso apatseni moni wanga. Ndawakwiyira, koma ulemu wawo sindinawalande.

Akakulandani makiyiwo musalimbane nawo, angakupwetekeni. Ndi munthu wamkulu, khosi ndi lawo, akwere okha. Koma ana muwadzutse m'mamawa ayende wapansi. Afike mochedwa, aphunzitsi awakalipire, alire njira yonse, zilibe kanthu. Bola madzulo muwaone akulowa pakhomo ndi miyendo yawo.

Tsalani bwino mpaka Lowerukalo.

Ine mlongo wanu wa ku garaja