Mzungu amene anasiya Agogo kuphiri

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira kuti chifuwa chija chakusiyani. Ife kuno ku Erdington, ku Mangalande, tili bwino, ana akupita kusukulu, koma ine mtima suli m'malo.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kwabwera mzungu wina wokalamba zedi. Atamva kuti ndine Mmalawi anayamba kundiyankhula Chinyanja. Akuti pa nkhondo ya ku Burma ankalamulira asilikali akwathu pa kamsasa kena pamwamba pa phiri, pakati pa midzi ya anthu otchedwa Achin.

Lachiwiri ndikumumwetsa mankhwala anandigwira dzanja. "Mwana wanga, ndinasiya munthu," anatero. Akuti atalamulidwa kusamuka msanga, anasiya msilikali wovulala m'manja mwa anthu a m'mudzi, n'kumulonjeza kuti adzamutenga. Sanabwerereko, anangolembera akuluakulu kuti wamwalira. Msilikaliyo dzina lake Yotamu wa ku Dedza, woduka chala chaching'ono cha kumanzere.

Malume, si bambo anu amenewa? Ndiye kuti munameta maliro a munthu amene mwina anali moyo, akuyang'ana kunjira.

Ndinafuna kumugenda mzunguyo ndi kapu imene ndinkamumwetsera mankhwala, koma ndinamupukuta misozi, poti ndiyo ntchito. Akuti ndimukhululukire. Ndamuuza kuti ine ndine mwana, nkhani zotere kwathu amayankha ndi malume.

Amayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Koma chonde musachedwe kuyankha. Mzunguyu wasiya kudya, ndipo ndikangolowa m'chipinda mwake amafunsa ngati kalata yanu yafika.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mwana wanu,
Esinati