Kodi Apongozi Ananditapa Phazi?

Aphungu,

Ndine mphunzitsi, wobadwira ndi kukulira ku Chipata. Boma linanditumiza kuno ku Tembwe mu 1994, ndipo banja ndinalipeza konkuno. Amuna anga a Gordon ndi Asenga, alangizi a zaulimi, koma pakali pano ali ku kosi mpaka kutha kwa mwezi uno. Chonde mundiyankhe asanabwere, chifukwa mawu amene ndawasungira akangotuluka sadzabwereranso m'kamwa.

Vuto langa ndi chidendene cha kumanja. M'mawa ndikatsika pabedi n'kuponda pansi, chimabaya ngati ndaponda msomali, moti ndimafika pachitseko chogwira khoma. Chondidabwitsa n'chakuti ndikasesa panja, kutunga madzi, kuyendayenda, ululu uja umatha wokha, ndipo kusukulu ndimafika ndikuyenda ngati munthu. Koma ndikakhala pansi kuchonga makope a ana, poimirira msomali uja wabwerera. Ndayang'ana pansi pa phazi ndi kalilole, palibe bala, palibe munga, palibe thekenya, sipanatupe n'komwe. Aphungu, ndi matenda anji amene amathawa munthu akamagwira ntchito n'kumubwerera akapumula? Ana anga a m'kalasi amachokera kutali opanda nsapato, ming'alu ya kumapazi kwawo yoti mutha kubisamo njere ya mpunga, koma pa buleki amathamangitsa mpira osadandaula. Nanga bwanji ine wa nsapato ndi amene ndikutsimphina?

Nsapato ndikunenazi ndi zofiira, zosongoka kutsogolo, zopyapyala pansi. Ndinazipeza pa salaula, msika wa zovala zovalidwa kale, kwathu ndipo ndimazikonda, sindibisa. Ndimazivala tsiku lililonse popita kusukulu, ndipo ndimaima nazo pa simenti kuyambira m'mawa mpaka kuweruka.

Apongozi anga aakazi ndi amasiye, amakhala m'mudzi wa pafupi. Ndi munthu wosalankhulalankhula, woyenda chopanda nsapato, ndipo akakolola satimana mpunga. Chisenga ine ndimangotola apo ndi apo, iwonso Chinyanja n'chowavuta, ndiye timamvana ndi moni komanso manja. Tsiku lina atandiona ndikutsimphina anabwera pakhonde, natola nsapato yanga imodzi. Anaitembenuza, naidina pansi pake ndi chala, napukusa mutu n'kunena kuti, "Skapato izi zikukoma, mkamwana." Ine ndinagwada n'kuyankha kuti, "Zikomo amama, n'za pa salaula chabe." Iwo anabwereza mokweza, "Zikukoma!" Mumtima ndinangoti, ha, kusirira nsapato mpaka kukwiya nazo.

Patapita masiku kunagwa mvula, ndipo ndinadutsa pabwalo wopanda nsapato kupita kubafa. Mnzanga Eneless, mphunzitsi wochokera ku Katete amene tinayandikana nyumba, akuti anaona apongozi atanyonyomala pamene ndinaponda. Apongoziwo anagoneka bango pa chidindo cha phazi langa m'matopemo, nalithyola, n'kulibisa m'chitenje. Eneless anathamangira kwa ine ali wefuwefu. "Iwe, manje uyembekeza chani? Akutapa phazi amai aja. Sunamve mwamene anazikumbwila nsapato zako? Ni nsanje ija, uzalemala!" Sabata yomweyo ndinaona ndi maso anga apongozi akupatsa mlamu wanga Justin kanthu kakatali kokulunga m'kansalu, iye akukwera lole ya ku Lundazi ndi matumba awo a mpunga. Eneless akuti kumeneko ndiye kuchimake kwa asing'anga.

Eneless yemweyo ananditengera kwa bambo wina amene ananditema mphini kuzungulira kakolo n'kupakamo zakuda. Chidendene sichinasinthe ngakhale pang'ono. M'malo mwake mphini imodzi yatupa ndipo ikutuluka mafinya.

Kuchokera pamenepo mpunga wa apongozi ndimathira nkhuku, ndipo ndikawaonera patali ndimadzitsekera m'nyumba. A Gordon akabwera ndikufuna kuwauza kuti asankhe, amayi awo asapondenso pakhomo pathu, apo ayi ine ndipemphe kusamutsidwa ndibwerere ku Chipata. Koma mtima sukukhazikika. Mayi ameneyu sanandilakwirepo, ndipo nditadwala malungo chaka chatha ndi amene ankandisambitsa. Munthu wotere angafune kundilumalitsa chifukwa cha nsapato? Ndipo bango lingalowe bwanji m'chidendene cha munthu? Ndikufunitsitsa kudziwa.

V.M., Tembwe, Chama

Mayi V.M.,

Mawu mwasungira a Gordon aja, bakhalani nawo pansi pa lilime. Tiyambe ndi mphini yotupayo, chifukwa pa zonse mwalembazi ndi yokhayo imene ingakupwetekeni msanga. Itsukeni ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, muimange ndi kansalu koyera, ndipo mawa lomwe mupite kuchipatala. Mukanene chilungamo kuti munatemedwa ndi lumo, musakati munakalika ndi udzu. Iwo aona ngati pafunika mankhwala opha tizilombo ndi jekeseni ya kafumbata. Muwafunsenso za lumolo, poti masiku ano a Edzi lumo loyenda pa anthu ambiri si losewera nalo. Kwa bambo uja musabwererekonso.

Tsopano funso lanu lokoma lija, la matenda othawa ntchito. Matendawa alipo ndithu, ndipo amagwira aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi amayi a pamsika, anthu amene apongozi awo sanagwirepo bango. Pansi pa phazi pali mtsempha wolimba, wotambalala ngati lamba, wochokera pachidendene kukafika kuzala. Munthu akamaima nthawi yaitali pa simenti, kapena kuyenda mitunda ndi nsapato zopyapyala, lamba ameneyu amatopa n'kuyamba kung'ambika pang'onopang'ono pamene anagwira fupa la chidendene. Mukagona amafupika n'kuyamba kupola ali chofupikacho. M'mawa mukangoponda mumamukoka mwadzidzidzi, ndiye msomali mukuumvawo. Mukayendayenda amafewa, ululu n'kuchepa, mukakhala pansi amafupikanso. Kalilole sangakuonetseni kanthu chifukwa vutoli lili m'kati.

Ana anu a m'kalasi mapazi awo anazolowera dothi chibadwire, matupi awo ngopepuka, ndiponso saima malo amodzi tsiku lonse. Komabe musawasirire kwambiri. Ming'alu ikazama imachita mabala, choncho muziwaphunzitsa kuviika mapazi m'madzi, kukhula ndi mwala n'kupaka mafuta. Thekenya lichotsedwe ndi singano yowiritsa, osati minga ya patchire. Wina akabinya kakolo pa mpira, asamukoke ngati akuwongola khasu. Apumitse mwendo atautsamiritsa pamwamba, aike nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, amange mosathinitsa, ndipo ngati sakutha kuponda n'komwe apite kuchipatala, mwina fupa lathyoka.

Inu chitani izi. Musanatsike pabedi, kolani chitenje kunsi kwa zala za phazilo, muwongole bondo, mukokere zalazo kwa inu mpaka mumve katumba akukokeka, mugwire kamphindi, mubwereze kangapo. Masana gwirani khoma ndi manja, mwendo wodwalawo muubweze kumbuyo chidendene chili pansi, muweramire kutsogolo. Madzulo mukakhala pampando, gubuduzani botolo kapena chitsononkho pansi pa phazi. Pa simenti musayende opanda nsapato, ndipo patapata wotha sangakuthandizeni. Mufunika nsapato zokhuthala ndi zofewa pansi, zokhala ndi malo a zala, ndipo mutha kuikamo kasiponji pachidendene. Ngati a Gordon ali ndi njinga ndipo anaisiya, ikwereni popita kusukulu, ndipo pophunzitsa muzikhalako pansi, ana sangakuchepetseni chifukwa cha mpando. Mankhwala ochepetsa ululu akupatseni achipatala, makamaka ngati mukudziganizira kuti muli ndi pakati. Dziwani kuti chidendene chimachira mwaulesi, chimatenga miyezi. Koma chikatupa, chikafiira n'kutentha, phazi likachita dzanzi, kapena miyezi ikapita popanda kusintha, kaonaneni ndi adokotala pa Boma.

Tifike kwa apongozi. Mundikhululukire, pamene ndinawerenga zoti munagwada n'kuthokoza ndinaseka mpaka misozi, kenaka chisoni chinandigwira. Ine ndinagwirako ntchito ku Lundazi, ndipo mawu amenewa ananditchera ndale inenso. Kwathu chinthu chikakoma ndiye kuti n'chabwino. Kwa Asenga ndi Atumbuka kukoma ndi kupha. Apongozi anu sankasirira nsapato zofiirazo ayi. Anakuonani mukutsimphina, anadina pansi pa nsapato naona kupyapyala kwake, n'kukuuzani kuti nsapato izi zikupha. Inu munayankha kuti zikomo. Anabwereza mokweza, poganiza kuti mwina mkamwana, mkazi wa mwana wawo, ngogontha, inu n'kupitiriza kuzivala. Musadziimbe mlandu kwambiri, chilankhulo cha eni chimapunthwitsa aliyense, ndipo Eneless wa ku Katete akanagwa pomwepo naye. Kulakwa kwake n'kwakuti anakumasulirani chinthu chimene iye mwini sakuchidziwa.

Nanga bango? Ine sindinaonepo dothi la m'phazi likudwalitsa munthu, koma ngakhale amene amakhulupirira zotapa phazi amati wotapayo amatenga dothi. Eneless anaona dothi likutapidwa? Mwalemba kuti apongozi anagoneka bango paphazi, nalithyola. Mayi, kumeneko ndi kuyeza. Kumudzi ambiri sadziwa manambala a nsapato. Akafuna kugulira munthu nsapato amayeza phazi lake ndi bango kapena chingwe, n'kupatsira amene akupita kutauni kuti akalowetse m'nsapato pamsika. Kudwazika n'kwina, koma phazi la mkamwana woyendayenda sakanangoligwira ndi manja, ulemu sulola, kulankhula nanu anayesa n'kulephera, ndiye mvula inawathandiza powasiyira phazi lanu m'matope. Onaninso kalata yanu yomwe. Chinayamba n'chiyani, bango kapena kutsimphina? Mwanena nokha kuti anatola nsapato ija atakuonani mukutsimphina kale.

Ine kunalibeko, ndipo sindingalumbire za chimene Justin ananyamula m'kansalu kaja. Koma kanthu kakatali kopita ku Lundazi pamodzi ndi mpunga wogulitsa, ine ndikuona msika, sindikuona sing'anga. Safunsa anadya phula. Pezani mayi wamkulu wa kumpingo kwanu wodziwa Chisenga ndi Chinyanja chomwe, mupite naye kwa apongozi osadikira a Gordon. Eneless atsale akuchonga makope. Mukawalonjere bwinobwino, mukawaonetse chidendene, muwafunse mwaulemu zimene ankanena tsiku lija. Mpunga wawo muyambenso kuphika, nkhuku zadya mokwanira. A Gordon akabwera muwafotokozere zonse, mphini zomwe, koma ngati nkhani ya kusamvana, osati ngati mlandu.

Chenjezo langa ndi ili. Mawu oti mfiti musawatchule, kaya kwa amuna anu, kaya kwa anzanu kusukulu, ndipo Eneless mumuuze atseke pakamwa. Kutchula munthu ufiti ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, komanso mukudziwa chimene chimachitikira mayi wamasiye wokalamba dzina limeneli likangomumatirira m'mudzi. Chidendene chanu chidzapola, koma iye sadzatunganso madzi pamodzi ndi anzake. Ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Inu phazi munalisiya kale pabwalo, ndipo zikuoneka kuti linagwera m'manja abwino.

Justin akatsika lole ndi kaphukusi, nsapatozo mukazilandire ndi manja awiri, ngakhale zitakhala zakuda, zonyansa, zonga za apolisi. Chonde musakanene kuti zikukoma, mungawadule mtima mayi wa eni. Mukangoti, "Tawonga chomene, amama." Ndipo poti mudzakhala mutagwada kale, mudzayang'ane mapazi a munthu amene wagulitsa mpunga wake kuti inu muvale iye akuponda minga. Mukatero mukathyole bango lanu, mudikire mvula kuti nawonso aponde m'matope.

Aphungu