Njenjete Zachitira Umboni Mayi Parvaneh Sarrafi

Kwa Bambo Faramarz Sarrafi, ana ndi abale onse,

M'mawa wa Lolemba, mphepo yafumbi ikugwedeza mazenera athu kuno ku Isfahan, ife a Bungwe la Osamala Zithunzi za M'mabuku Akale tinalandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya Mayi Parvaneh Sarrafi, ndipo kuyambira tsikulo palibe mwa ife amene wakhazikika pampando wake.

Malemuwa anabwezera masamba ambiri othothoka ku mabuku awo, anasula okonza mapepala ochuluka, ndipo sankalola kuti dzina la mmisiri lilembedwe pansi pa chithunzi kungoti likukoma m'makutu. Nkhani imodzi yokha anaisiya panjira. Chithunzi chathu cha okwera pamahatchi, chimene timanyadira kuti n'cha mmisiri wamkulu wa ku Herat, iwo ankati chinathothoka m'buku wamba la ku Shiraz. Wokangana nawo ndinali ine.

"A Hushang, inu mumawerenga dzina, njenjete imadya pepala," ankatero, shuga wa tiyi ali pamano. "Mwa awirinu, anganame ndani?"

"Mayi, njenjeteyo ibwere idzalumbire."

"Ikubwera. Ikonzereni mpando."

Malemuwa anabwerekadi kwa banja lina la ku Tabriz tsamba la m'buku la ku Shirazlo, koma matenda anawagwira asanasanjike masamba awiriwo kuti aone ngati mabowo a njenjete akulingana. Eni ake adzalitenga ukatha mwambo wokumbukira malemu wa pa tsiku la makumi anayi. Ena mwa ife amati libwerere losayesedwa, kuopa kuti maliro angasanduke mlandu, komanso kuti chithunzi chathu chingataye dzina.

Lero tawasanjika pazenera. Kuwala kwadutsa pabowo lililonse.

Bambo Faramarz, nyumba yopanda mayi ndimaidziwa, choncho sindikunamizani kuti nkhaniyi ichepetsa kanthu. Komabe, m'malo mwa mamembala onse, ndikupereka chipepeso kwa inu, kwa ana ndi kwa ophunzira awo, ndipo tikupempha Mulungu kuti akulimbitseni mitima, ndi kuti malemu awuse mumtendere. Dziwani kuti akazi anu ankanena zoona.

Ku mwambowo tidzabwera tonse, ndi chakudya chotsekemera cha haluwa. Pakadali pano ndikupita kukamatula dzina la ku Herat pansi pa chithunzicho. Guluu wake ndi wouma, ndipo amene ankadziwa kumufewetsa osang'amba pepala anali iwowo.

Hushang Nurbakhsh
Wapampando