Tsamba la Mpongozi Landisandutsa Khanda

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 74, mlimi wa khofi. Kusukulu sindinapondeko. Zilembo ndinaphunzirira ku tchalitchi ndevu zitamera kale, ndiye mupirire nane.

Bungwe lathu la alimi likugawa mbande zatsopano, ndipo ati aliyense alembetse pa tsamba la pa intaneti lisanadutse Lachisanu likubwerali. Foni yanga ndi yaing'ono, maso nawo anatopa. Zilembo zake ndimaziona ngati nyerere. Ndikazikulitsa ndi zala ziwiri, mafunso amathawira kumanzere, n'kutsala timabokosi topanda dzina. Ndikatsatira mafunsowo, timabokosi nato timabisala. Ndinati ine ndinaweta ng'ombe zolusa, kabokosi sikangandigonjetse. Ndinangodzaza mongoganizira.

M'mawa mwake mlembi wa bungwe, a Mwakipesile, anandiimbira akuseka. "Madala, zaka ziwiri, munda maekala 74? Kodi mwayamba kukwawa?" Makina anali atandikana kuti ndine mwana. Mayi a kunyumba mpaka lero akamandipatsa nthochi amafunsa kuti, "Ndikupotereni, kapena mano amera?"

Chondisowetsa mtendere ndi ichi. Anakonza tsambali ndi Tumpale, mkazi wa mwana wanga Gwakisa. Kwathu kuno mpongozi sitiyang'anana naye, sitilankhulananso. Ndikakadandaula ku bungwe, ndimuchititsa manyazi pa ntchito yake. Ndikakhala chete, mbande zindipita, chonsecho mitengo yanga yatopa kuposa mwini wake. Nditani?

A.M., Tukuyu

Bambo A.M.,

Musadzinyoze kwambiri. Tsamba lokonzedwa bwino limadzipinda lokha kuti likwane pafoni iliyonse, funso pamwamba, kabokosi pansi pake, ngakhale zilembo zikule bwanji. Tsamba la bungwe lanulo ndi limene likulephera pamenepo, osati inu.

Lero lomwe aimbireni a Mwakipesile afufute zolakwikazo. Kenako igonekeni foni cham'mbali kuti malo atambasuke, mukulitse zilembo pang'ono chabe, funso ndi kabokosi zizionekera pamodzi. Musanatumize, werengani zonse kawiri. Zikakanikabe, pitani ku ofesi ya bungwe akakulembereni inu muli pomwepo.

Za Tumpale, mwambo ukuletsa maso ndi pakamwa panu, koma suletsa mayi a kunyumba kunyamula foni. Atumeni akamuonetse okha mmene mafunso akuthawira. Mwina Tumpale anayesera tsambalo pa kompyuta yaikulu basi. Akaona ndi maso ake, akonza, ndipo athandiza okalamba ena amene akuvutika mwakachetechete.

Chenjezo langa: musadikire Lachisanu, ndipo musaganize kuti kukhala chete n'kumuteteza. A Mwakipesile ayenera kuti nkhaniyi akuisimba kale. Bola Tumpale aimve kuchokera kunyumba kusiyana n'kuimvera m'chiseko cha ku ofesi.

Mukalembetsa mundilemberenso, ndimve zimene mpongozi wayankha.

Aphungu